Munda wa amayi: tigulitse kapena tipitirize lendi, nanga mtengo wake amaupeza bwanji?

MwanaWaKuNsaru
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Amayi anga ali ndi munda wa maekala atatu kumudzi. Chimwalirireni abambo, iwo amangolima ekala imodzi, awiri enawo amabwereketsa kwa bambo wina wa golosale. Chaka chathachi analipira K80,000 pa ekala. Tsopano bamboyo akuti watopa ndi lendi, akufuna agule maekala awiriwo pa K1,500,000 ekala iliyonse. Amalume akuti ndi ndalama zabwino, mlongo wanga akuti kumeneko ndi kulanda. Ine ndili kuno ku Blantyre ndipo onse akudikira mawu anga. Chimanga boma limalengeza mtengo woyambira, fodya ali ndi okushoni. Nanga munda wakumudzi mtengo wake umachokera kuti? Alipo amene anafufuzapo zimenezi?

Nachisale_Dowa
Musagulitse. Ndalamayo ikhala itatha musanakolole kawiri, ndipo amayi adzayamba kuchita ganyu m'munda womwewo.

SoyaNdiMtedza
A Nachisale, mwafulumira. Sitikudziwa n'komwe kuti mundawo uli pati. Uli pafupi ndi msewu? Ukukhudza dambo? Nthaka yake ndi katondo kapena mchenga? Muli kaufiti? Kwathu ku Santhe minda iwiri yogundana malire imasiyana mtengo chifukwa wina uli ndi kadimba kumunsi.

MwanaWaKuNsaru
Ndi katondo, dambo palibe. Msewu wafumbi wopita kumsika umadutsa cha kumtunda kwake.

WakuBunda
Achimwene, funso lanu lili pawiri: pali mtengo wa lendi, pali mtengo wogulira. Za lendi zafufuzidwa ndithu kuno kwathu. Za kugulitsa n'zovuta kuzigwira, chifukwa zambiri zimathera pakhonde la anyakwawa ndipo sizilembedwa mu kaundula aliyense.

Kafukufuku amene akukhudza amayi anu mwachindunji ndi amene anatuluka mu 2019, wa Jacob Ricker-Gilbert wa ku Purdue University pamodzi ndi Jordan Chamberlin ndi akatswiri akuno, mmodzi mwa iwo a Charles Jumbe a ku Bunda. Chimene chinawautsa ndi ichi. M'makafukufuku akuluakulu oyendera mabanja, anthu onena kuti "ndinachita lendi munda" amachuluka kwambiri kuposa onena kuti "ndinabwereketsa munda wanga". Komatu munda uliwonse wa lendi uli ndi mwini wake. Ndiye kuti eni minda ambiri savomera, ena chifukwa cha manyazi, ena poopa kuti abale kapena amfumu anena kuti malowo awachulukira. Choncho ofufuzawa analondola wobwereka pamodzi ndi mwini munda wake weniweniyo, n'kuwafunsa onse awiri.

Anapeza kuti obwereka ndi opeza bwino kuposa eni minda pafupifupi pa chilichonse, kupatula kukula kwa malo basi. Eni minda ambiri sankabwereketsa chifukwa choti malo atsala, koma chifukwa chofuna ndalama zamsanga. Ndiye K80,000 imeneyo musaione ngati mtengo wa nthaka yokha. Muli njala ya mu Okutobala, muli kusowa kwa feteleza, muli umasiye wa amayi. Amene ali ndi ndalama m'thumba mwezi umenewo ndi amene amatchula mtengo.

Tsopano tiwerengere. K1,500,000 kugawa ndi K80,000 ikupereka pafupifupi 19. Bamboyo akuwapatsa amayi lendi ya zaka 19 nthawi imodzi. Papepala si zoipa. Koma lendi imakwera chaka ndi chaka, pamene ndalama yolandiriratu siikwera. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu amene anagulitsa munda chakumayambiriro kwa 2022 n'kusunga ndalamazo, lero sangagule nazo munda womwewo. Ndipo kalembera wa 2008 anapeza anthu 13.1 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni. Minda ndi yomweyo.

WaGolosale_Mponela
Ndawerenga zonsezi ndipo zandipweteka pang'ono. Ine ndine mmodzi wa obwerekawo, musatione ngati akuba. Kwathu tinabadwa asanu ndi atatu pa munda umodzi, gawo langa silikwana ngakhale theka la ekala. Popanda lendi ndikanalima kuti?

Ndikuuzeni chimene chimatipangitsa kufuna kugula. Ndinachita lendi munda wina woguga, woti chimanga chinkangofika m'chiuno n'kuchita ngayaye. Ndinathiramo manyowa a khola pangolo, ndinazula kaufiti asanachite maluwa, chaka chachiwiri ndinadzalamo soya kuti nthaka ibwerere. Chaka chachitatu nditapita ndi ndalama, mwini wake anati mwana wake wabwera kuchokera kutauni, alima yekha. Manyowa anga onse anadyera wina. Kuyambira pamenepo munda wa lendi ndimangothira feteleza wa chaka chomwecho, sindidzalamo mtengo, sindikonza ngalande. Bambo amene mukumunenayo mwina wangotopa ndi zomwezi.

WakuBunda
A WaGolosale, mukunena zoona, ndipo kafukufuku akukuikirani kumbuyo. Chamberlin ndi Ricker-Gilbert omwewo, mu 2016, poyerekeza Malawi ndi Zambia, anapeza kuti lendi imasamutsa minda kuchoka kwa amene ali ndi malo ambiri kupita kwa amene ali ndi ochepa, komanso kupita kwa amene amatha kulima bwino. Phindu la obwereka linaoneka poyera. La eni minda ndi limene silinaoneke bwino. Sindikunena kuti lendi ndi yoipa. Ndikunena kuti anthu awiri okambirana mtengowo safika pabwalo ndi mphamvu zofanana.

Nankhoma
Inu nonse mukukamba za mtengo, koma palibe wafunsa kuti mundawo ndi wa yani. A MwanaWaKuNsaru, malowa anachokera kuchimuna kapena kuchikazi?

MwanaWaKuNsaru
Ndi a kwa agogo aakazi. Abambo anali mkamwini pamudzipo.

Nankhoma
Basi nkhani yasintha. Amenewo ndi malo a mbumba. Amalume ndi mwinimbumba, ntchito yawo ndi kuyang'anira ndi kuweruza, osati kuika mtengo. Amene adzalime pamenepo amayi akadzatopa ndi mlongo wanu ndi ana ake aakazi. Inu mudzakalima kwa akazi anu kapena mudzagula kwina. Ndiye pamene mlongo wanu akukana, akukana za munda wake, mumumvere. Mayi wina wofufuza za chikhalidwe, Pauline Peters, anatsatira mabanja a ku Zomba kuyambira 1986 kwa zaka zambiri, ndipo analemba zomwezi, kuti kumeneko malo amatsata ana aakazi ndipo amuna amalima minda ya akazi awo. Anachenjezanso kuti kulembetsa malo kosaganizira mwambo umenewu kukhoza kuwalanda akazi chimene anali nacho kale.

Ndaona ndi maso anga kwathu, munda utagulitsidwa ndi malume mmodzi, kapepala kolembedwa pamanja, mboni ziwiri, chidindo cha anyakwawa. Patapita zaka adzukulu atakula anauyamba mlandu, ndipo wogulayo anali atamangapo kale nyumba yamalata. Mpaka lero mabanja awiriwo sayenderana ngakhale pamaliro.

Mzukuru_Rumphi
Izo n'za kwanu uko. Kwathu kumpoto malo amatsata abambo, ndipo mayi wamasiye ndi amene amakhala pa mavuto akafuna kubwereketsa, alamu ake amati wayamba kugulitsa za eni.

Nankhoma
Ndi chifukwa chake ndinayamba ndafunsa, achimwene. Ngakhale kuno pakati chitengwa chachuluka, mudzi ndi mudzi zimasiyana.

Mlangizi_Phalombe
Ndiikepo za malamulo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a malo, limodzi mwa iwo ndi Customary Land Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2018. Lamuloli limalola munthu kapena banja kulembetsa malo a makolo n'kulandira chikalata. Ntchitoyi imadutsa ku komiti ya malo ya m'dera la agulupu: agulupu ndiwo wapampando, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera atatu akhale amayi. Anayamba kuyesera kuno ku Phalombe, ku Kasungu ndi ku Rumphi, kenako ntchito yaikulu inachitika ku Chikwawa ndi Nsanje kudzera mu pulojekiti ya ulimi wothirira ya ku Chigwa cha Shire. Mu 2022 malamulowa anakonzedwanso, ndipo anakhwimitsa za kugulitsa malo, makamaka kwa anthu amene si nzika.

Musanalandire ngakhale tambala, pitani ku ofesi ya za malo kwa DC mukafunse ngati malo amenewo angagulitsidwe n'komwe komanso njira yake. Chidindo cha anyakwawa pachokha sichikutetezani inu, sichimutetezanso wogulayo. Ichi n'chifukwa china chimene mitengo yakumudzi imakhalira yotsika: wogula amadziwa kuti akugula munda pamodzi ndi mlandu umene ungadzabwere, ndiye amachotseratu pa mtengo.

SoyaNdiMtedza
Zonsezi gwero lake ndi feteleza. Mayi ameneyu akanakhala ndi matumba anayi sakanabwereketsa. AIP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotsika mtengo, itayamba mu 2020 thumba tinkagula K4,495, kenako linafika K15,000, ndipo maina ambiri anachotsedwa.

Chimwemwe_Area25
Vuto si mtengo wokha. Feteleza wotsika mtengoyo amafika mvula itagwa kale, anthu agona pamzere masiku angapo, netiweki palibe.

SoyaNdiMtedza
Komanso anthu asiye kukakamira chimanga. Soya safuna feteleza wambiri.

Chimwemwe_Area25
Soyayo mudya nsima yake? Ndipo mavenda akakhala ndi sikelo zawo zija mu Epulo mumapeza chiyani?

Woyanganira_Gulu
Abale, za AIP tili ndi kokambirana kwake. Tibwerere ku munda wa amayi.

Nabanda_Mchinji
Ndikufuna ndiwonjezere chimene chikukweza mitengo kuno kwathu. Si alimi anzathu amene akugula. Loweruka lililonse kumabwera magalimoto kuchokera ku Lilongwe, anthu a m'maofesi, atsogozedwa ndi madobadoba a pamudzi pomwe. Amagula maekala 20, 30, kuphatikiza minda ya mabanja angapo, n'kuika mlonda ndi waya. Ena amalimadi, timaona mathirakitala. Ena angosiya tchire, akudikira mtengo ukwere. Mnyamata wa pamudzi amene wangokwatira sangapikisane ndi munthu wa malipiro a pamwezi ndi ngongole ya kubanki. Njira imene tinkadutsa popita kudambo inatsekedwa, pano timazungulira.

WakuBunda
A Nabanda, zimene mukuonazo zinalembedwa. Mu 2016 Ward Anseeuw, Thomas Jayne, Richard Kachule ndi mnzawo anatulutsa kafukufuku wa minda yapakatikati, ya mahekitala 5 mpaka 50, m'maboma a Mchinji, Kasungu ndi Lilongwe. Anapeza kuti malo a alimi oterewa anakula pafupifupi kawiri pakati pa 2000 ndi 2015, ndipo ngakhale oposa theka pang'ono mwa eni ake anali alimi ang'onoang'ono amene anakula pang'onopang'ono, ena ambiri anali anthu a ntchito zam'tauni, ogwira m'boma ndi amalonda. Malo ambiri anachoka ku malo a makolo.

Izi zikukhudza Nsaru, kumene kuli munda wa amayiwo, chifukwa ili m'chigawo chomwecho. Mtengo wa munda uli pafupi ndi Lilongwe sutsatanso matumba a chimanga amene mundawo ungatulutse. Ukutsata malipiro a anthu a mumzinda ndi mantha awo a kugwa kwa kwacha. Masamu anga a zaka 19 aja amagwira ntchito ngati wogula ndi mlimi. Akakhala munthu wofuna posungira chuma, akhoza kupereka zoposa pamenepo, ndipo wa golosaleyo akudziwa zimenezi.

Kabaza_Johannesburg
Ine ndine mmodzi wa ogulawo ndipo sindibisa. Ndimagwira ntchito kuno, ndalama ndikaisunga ku banki kwathu imasungunuka. Ndinagula maekala anayi ku Mangochi kudzera mwa mchimwene wanga. Sindinabere munthu, mwini wake ndi amene anandifunafuna mwana wake atadwala. Mukufuna ife tiziika kuti thukuta lathu?

Nachisale_Dowa
Mwanena nokha, mwana wake atadwala. Akanakhala kuti mwanayo ali bwino, akanakugulitsani?

Kabaza_Johannesburg
Sakanagulitsa. Koma ndikanakana, akanapita kwa wakatapila, ndipo munda ukanapitabe pa mtengo wochepa kuposa umene ndinapereka.

Nachisale_Dowa
Pamenepo sindikutsutsani. Chimene chimandiwawa n'choti munthu wakumudzi alibe kwina kothawira. Matenda, maliro, fizi, zonse zimathera pa munda.

Tenanti_Wakale
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Mukulimbirana maekala awiri a mayi wamasiye pamene ku Kasungu kuno kuli maesiteti athunthu ogona. Ndinakulira pa esiteti ya fodya, abambo anali tenanti. Nthawi ya Kamuzu mlimi wamba sankaloledwa kulima fodya wa bale, ankalima ndi a maesiteti okha, ndiye aliyense wa mphamvu ankathamangira kutenga lizi pa malo a makolo. Lamulo litamasuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, maesiteti ambiri anayamba kufooka. Ndinapitako chaka chatha kumene ndinakulira. Zigafa zinagwa, m'munda mwamera mitengo yofika m'mutu, koma anthu a midzi yozungulira akalowamo ndi khasu amatchedwa olowerera.

WakuBunda
Klaus Deininger ndi Fang Xia a ku World Bank anaunika zimenezi pogwiritsa ntchito kaundula wa malizi ndi zithunzi za setilaiti. Maesiteti a ulimi ali ndi mahekitala pafupifupi 1.35 miliyoni. Anapeza kuti pafupifupi 70 peresenti ya malizi ake anali atatha nthawi, gawo lalikulu la malowo silinkalimidwa, ndipo boma linkataya ndalama zambiri chifukwa msonkho wa malo sunkatsata kukwera kwa mitengo. Esiteti yogona siimupweteka mwini wake m'thumba, ndiye alibe chomukakamiza kuilima, kuibwereketsa kapena kuigulitsa. Malo amenewo akanalowa pamsika, lendi ya m'midzi yozungulira sikanakwera chonchi.

MwanaWaThyolo_Machinga
Zogula maesiteti n'kugawira anthu zinachitikapo, ndipo ine ndine chipatso chake. Makolo anga anasamuka ku Thyolo pa pulojekiti ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004 ndi thandizo la World Bank n'kutha mu 2011. Mabanja oposa 15,000 anapeza malo, ambiri ochokera ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga ndi Mangochi, banja lililonse pafupifupi mahekitala awiri. Anthu ankapanga gulu, n'kupeza esiteti imene mwini wake akufuna kugulitsa, n'kukambirana mtengo.

Ku Thyolo tinali ndi kamunda kotsetsereka kogundana ndi tiyi, mizere yake tinkatha kuiwerenga titaima pakhomo. Chaka choyamba ku Machinga amayi analira ataona nkhokwe itadzaza. Koma musaganize kuti zonse zinali zokoma. Mjigo unali kutali, chipatala kutali, sukulu kutali, ndipo eni dera ena sanatilandire bwino. Mabanja ena anabwerera. Malo otsika mtengo amakhala otsika pa chifukwa, ndipo chifukwacho mumachidziwa mwana akadwala usiku.

Mbuya_Chipata
Kuno ku Zambia lendi si yofala ngati kwanuko, malo akadalipo m'madera ambiri. Koma lamulo la 1995 limalola kusandutsa malo a mfumu kukhala a lizi ya zaka 99 mfumu ikavomera, ndipo akapita sabwereranso ku mudzi. M'mbali mwa msewu wa Great East anthu a ku Lusaka atenga malo ambiri mwa njira imeneyi. Mlongo wanuyo ali ndi nzeru.

SoyaNdiMtedza
Komabe sitinamuyankhe mnzathuyu. Tonse tikuti asagulitse, nanga amayiwo adya chiyani? K160,000 pachaka siigula ngakhale feteleza wokwanira ekala imene akulimayo.

WaGolosale_Mponela
Ndiyankhe monga wobwereka. Chimene bamboyo akufuna kwenikweni si chikalata, ndi kudziwa kuti sachotsedwa chaka chamawa. Mupatseni zaka zitatu kapena zisanu zolemberana, pamaso pa anyakwawa, amalume ndi mlongo wanu, malire ayendedwe ndi onse. Lendi musaitchule mu kwacha, itchuleni m'matumba a chimanga a makilogalamu 50, kuti kwacha ikagwa amayi asagwe nayo. Mulembemonso kuti azithira manyowa ndi kusinthanitsa mbewu. Ine munthu atandipatsa zaka zisanu ndikhoza kulipira zoposa zimene ndimalipira pano, chifukwa ndikudziwa kuti soya wa chaka chino adzadyetsa chimanga changa chamawa.

WakuBunda
Ndikugwirizana nazo, ndipo ndiwonjezere chimodzi. Musakambirane mtengo mu Okutobala. Kambiranani mu Meyi kapena Juni, nkhokwe ili ndi kanthu. Ndipo musanakhale pansi, mlongo wanu ayende m'midzi iwiri itatu yoyandikana afunse obwereka, osati eni minda, kuti akulipira zingati. Obwereka sabisa. Afunsenso ngati pali wina amene angafune mundawo, chifukwa pakali pano wogula ndi mmodzi ndipo mtengo watchula yekha.

Mlangizi_Phalombe
Pepala limenelo likhale ndi makope atatu, ndipo lilembedwe momveka kuti ndi lendi, tsiku loyamba ndi lotsiriza. Milandu yambiri imene ndaiona imayamba ndi wobwereka wa zaka zambiri amene pambuyo pake amati anagula.

Nachisale_Dowa
Za matumba ndazikonda, koma a WaGolosale, matumbawo aziperekedwa liti? Mukati pokolola, amayi alowa dzinja opanda ndalama ya mbewu ndi feteleza, chomwe chinawachititsa kubwereketsa poyamba. Komanso chaka cha chilala ngati 2024, wobwereka akakolola zochepa, adzapereka matumbawo kapena adzayamba kudandaula?

WaGolosale_Mponela
Theka mu Okutobala, pa mtengo wa chimanga wa tsiku limenelo pamsika wapafupi, theka pokolola. Za chilala zilembedwenso. Ine ndingavomere kuti theka loyambalo silibwezedwa zivute zitani, koma lachiwirilo tigawane kuluza, chifukwa mvula ikakana sindine ndaikaniza.

Nachisale_Dowa
Ayi, pamenepo sindivomera. Chaka cha chilala ndi chimene mayi wamasiye amafunitsitsa matumbawo, ndipo inu muli ndi golosale yoti ikuthandizeni. Lachiwirilo lichepe ngati mukufuna, koma likhale lotsimikizika.